Disiketi Yachitatu

Ku South C, dera la mu Nairobi kumene ndinakulira, mvula ikayamba tinkapulumutsa kaye kompyuta, anthu pambuyo. Madzi ankachokera kumsewu, kudutsa pansi pa geti, kukwera khonde n'kulowa pabalaza osagogoda. Chifukwa cha zimenezi adadi anakweza tebulo la kompyuta pa njerwa zinayi, ndipo amami anailukira kansalu kamaluwa kofanana ndi kamene kankafunda TV. Inali kompyuta yotuwa, yolemera, ya sikirini yokhala ndi linunda kumbuyo, ndipo ikatentha inkanunkha fumbi lopserera. Adadi anaitenga ku ofesi kwawo, ku bungwe lija la mayiko ambiri limene linatibweretsa ku Nairobi, a kumeneko atatopa nayo. Ukaiyatsa inkayamba yatsokomola, kenako n'kulira kamodzi kuti pii, kenako n'kuyamba kuganiza. Unkatha kupita kukhitchini, kutereka madzi a tiyi, kubwerako, n'kuipeza ikadaganizabe.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, Mmalawi wa pa pasipoti pokha. Ku Zomba tinachokako ndili ndi zaka zinayi. Kusukulu ndinkayankhula Chingerezi, kunja kwa geti Chiswahili, ndipo Chichewa changa chinali chongokwanira kugwadira alendo: ndili bwino kaya inu, zikomo, ndakhuta. Amami akandifunsa kanthu m'Chichewa ndinkayankha m'Chingerezi, iwo n'kupukusa mutu, n'kunena kuti akulera mwana wa eni ake. Ine sizinkandikhudza. Ndinkaona kuti Chichewa ndi chiyankhulo chokalipira ana ndi kupempherera chakudya, basi.

Kumudzi amami anali sekilitale, wa mtundu uja wotayipa osayang'ana zala, uku akucheza ndi munthu, uku foni ataipanikiza paphewa. Koma ku Kenya chikalata chawo chinkati iwo ndi mayi wongotsatira mwamuna, wosaloledwa kugwira ntchito. Zaka ndi zaka anakhala pakhomo. Sankadandaula ndi pakamwa, ankadandaula ndi tsache. Nyumba yathu inkasesedwa katatu pa tsiku, ndipo tsiku limene mtima wawawa kwambiri ankasesa mpaka kunja kwa geti, kukafika pakhomo pa aneba.

Amalawi a mu Nairobi tinkakumana Lamlungu loyamba la mwezi, masana, mu holo ya sukulu ina. M'mawa aliyense ankapita kaye ku tchalitchi chake kukapemphera zenizeni, ndiye masanawo Akatolika, Apresibeteriya ndi a Pentekosite ankabwera kudzakhala Amalawi limodzi kwa maola atatu. Vuto linali pa nyimbo. Mabuku anali ochepa, ong'ambika, komanso osiyanasiyana. Ndime yoyamba tinkaimba mwamphamvu, yachiwiri anthu ankayamba kuyang'anana, pofika yachitatu holo yonse inkangoti mmm-mmm, kupatula a Kamwendo, wotsogolera kwaya, Mkatolika wa mawu ogwedeza denga, amene ankapitiriza okha atatsinzina. Nyimbo zina sizinali m'buku lililonse: makorasi a kumidzi, nyimbo za pamaliro, za amayi pokazonda wodwala. Zimenezo zinkangokhala m'mitu mwa anthu.

Tsiku lina amami anakweza dzanja n'kunena kuti iwo alemba buku limodzi la tonse. Ntchitoyo inawatengera zaka ziwiri. Ankakwera matatu, minibasi ya ku Kenya, ndi kope m'chikwama, kuyenda nyumba ndi nyumba, munthu n'kumawaimbira iwo akulemba. Amene ankawakonda kwambiri anali mayi Chirwa, mayi wachikulire amene anabwera kudzalera zidzukulu kwa mwana wake ku South C komweko, ndipo ankadziwa nyimbo za kwawo zimene wina aliyense mu holo muja sanazimvepo. Amami akabwerako ankavundukula kompyuta, kuidikira kuti imalize kuganiza, kenako nyumba yonse inkamveka kiyibodi, tatatatata, ngati mvula pa malata. Tsache linapuma. Masiku amenewo ndi amene ndinamva amami akuimba okha kukhitchini, ndipo ndinadabwa kuti ali ndi mawu abwino. Nyimbo ikalowa m'kompyuta, pepala lake ankalithothola m'kope n'kuyatsira mbaula, poti adadi anali atawatsimikizira kuti kompyuta siiwala. Adadi ankadziwa zambiri za kompyuta zimene kompyutayo sinkazidziwa.

Buku litatha, nyimbo zoposa mazana awiri, adadi, amene anali wapampando wa komiti ya Amalawi a mu holo ija, anaona kuti pakusowa zithunzi. Osati za Yesu kapena za nkhosa, koma za akomiti, onse khumi ndi mmodzi, aliyense tsamba lake, abambo atavala suti, amayi zilundu zatsopano, onse atakwinya nkhope ngati akukaikidwa pa ndalama. Anakazijambulira pa makina a ku ofesi n'kuzilowetsa m'bukumo. Fayilo ya amami, imene inali yowonda bwinobwino, inatupa.

Ana a lero sadziwa disiketi. Kanali kapulasitiki kakuda, kamakona anayi, kokwana m'thumba la shati, kokhala ndi kachitseko kachitsulo kotsetsereka kamene tinkaletsedwa kuseweretsa ndipo tinkaseweretsa. Imeneyo inali njira yokhayo yotulutsira kanthu m'kompyuta yathu kupita nako kwa osindikiza, koma mimba yake inali yaing'ono. Adadi anaika disiketi, kompyuta inakana kuti fayilo yakula. Anaitulutsa, kuiuzira, kuipukuta pa thalauza, kuibwezeramo. Inakananso. Anatsegula bokosi latsopano n'kuyesa madisiketi onse khumi, imodziimodzi, poganiza kuti mwina ina ndi yaikuluko kuposa inzake.

Apa ndi pamene ndinalowerera. Mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, Atieno, ankandibweretsera magemu a mchimwene wake, ndipo magemuwo ankabwera atazipidwa. Kuzipa n'chimodzimodzi ndi zimene amami ankachita ndi sutikesi tikamapita ku Malawi: kupinda chilichonse, kutsendera, kukhalapo ndi thupi lonse mpaka mpweya utheremo, sutikesi n'kutseka. Kapulogalamu kake kankapanikiza fayilo choncho, ndipo ikakanabe kukwana, kankaidula n'kuigawa pa madisiketi angapo. Kusiyana kwake n'kwakuti chidutswa pachokha sichinali kanthu. Kuti fayilo ibwerere pankafunika madisiketi onse pamodzi, ikasowa imodzi ndiye kuti zonse zapita. Ndinapempha mpando, ndinatayipa timawu tanga pa sikirini yakuda, kompyuta n'kuyamba kukukuta. Inapempha disiketi yachiwiri, kenako yachitatu, n'kunena kuti yamaliza. Ndinalemba pa iliyonse ndi bolopeni: 1, 2, 3. Ndinawauza adadi, m'Chingerezi, kuti atatuwa asasiyane. Adadi sanamve, anali pafoni kuuza anthu kuti mwana wawo ndi injiniya.

Loweruka lotsatira komiti inakumana pabalaza pathu, ine ndikuzungulira ndi thireyi ya tiyi. Zonse zinayenda bwino mpaka anafika pa chikuto. Akatolika ankafuna mtanda wokhala ndi Yesu. Apresibeteriya anati Yesu anatsikapo kalekale, mtanda ukhale wopanda munthu. A Pentekosite sankaufuna n'komwe mtandawo, ankafuna nkhunda ndi moto. Mandasi anatha asanagwirizane, ndipo anagamula kuti buku lidikire kaye.

Ndiye panabuka funso lakuti lidikirira kwa ndani. A Kamwendo ananena mwaulemu kwambiri, akusisita manja, kuti iwo sakukayikira munthu, koma buku likagona m'nyumba ya Mpresibeteriya ngati adadi miyezi ingapo, nyimbo za Amayi Maria zikhoza kudzuka zitachepa. Komiti yathu inali ndi mwambo wake pa zinthu zotere. Bokosi la makapu ndi maketulo la mu holo linali ndi maloko atatu, mpingo uliwonse kiyi wake, moti tinkamwa tiyi pokhapokha mipingo yonse itatu itafika. Ataona kuti madisiketi ndi atatu, mayi Gondwe a Pentekosite anati limeneli ndi dzanja la Ambuye. Yoyamba inatsala kwa adadi, yachiwiri inapita ku Pangani ndi mayi Gondwe, yachitatu a Kamwendo anaiika m'thumba la jekete n'kupita nayo ku Rongai. Ine ndinali nditagwada pomwepo, kambale ka shuga kali m'manja. Ndinadziwa kuti akulakwitsa, koma mwana sayankhula pa komiti, ndipo kunena zoona ndinkafuna atuluke msanga kuti ndiyatse gemu.

Tchimo langa ndinalichita patatha milungu iwiri, Lachitatu masana, amami atapita kumsika. Atieno anabweretsa gemu ya magalimoto othamanga, yokhala ndi mapiri, milatho, ngakhale utsi wa matayala. Kompyuta inati malo atha. Ndinafufuza chimene chadzaza, ndipo ndinapeza nkhope khumi ndi imodzi za akomiti zitakhala phee pakati pa njira. Ndinalingalira mwanzeru ndithu: bukuli latha, lili pa madisiketi atatu, m'manja mwa atumiki a Mulungu atatu a mipingo itatu. M'Nairobi monse munalibe chinthu chotetezedwa kuposa chimenechi. Ndinafufuta fayilo ya amami. Kompyuta, mwa ulemu wake, inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinati eya. Mumtima sindinamve chilichonse, ndipo tsiku lomwelo ndinamupambana Atieno katatu.

Miyezi isanu ndi itatu inadutsa komiti ikulimbana ndi mtanda. Amami sankatsegula buku lawo, ankaopa kuti angakhudze batani lolakwika n'kusokoneza kanthu. Pa nthawi yomweyo a Kamwendo anasiya kubwera ku holo. Ena ankati Rongai n'kutali, ena ankati ntchito yawachulukira. Adadi akawaimbira foni ankangoyankha kuti ali bwino, zikomo, n'kudula. Popanda iwo ndime yachitatu inafa ndithu, ndipo popanda kiyi wa Akatolika tinakhala miyezi yonseyo osamwa tiyi.

Mapeto ake akomiti anagwirizana kuti chikuto chikhale chabuluu, chopanda chithunzi chilichonse, kuti aliyense akhumudwe mofanana. Amami anasangalala. Anavala chitenje chatsopano ngakhale sankapita kulikonse, n'kuvundukula kompyuta kuti awerenge buku lawo komaliza lisanapite kwa osindikiza. Ine ndinali pa tebulo lodyera, ndikulemba homuweki. Ndinamva pii. Ndinamva kiyibodi pang'ono, kenako zii. Kiyibodi pang'ononso, ziinso.

"Tiyamike."

Masiku onse ndinali Tiya. Dzina lonse linkatuluka pa milandu yokha.

"Buku langa lili kuti?"

Ndinati mwina ndi vayirasi. Masiku amenewo chilichonse chinkakhala vayirasi. Amami analoza ndi chala dzina la gemu ya magalimoto pa sikirini.

"Vayirasi yake ndi imeneyi?"

Ndinaulula. Ndinkayembekezera mthiko, ndipo kaliridwe ndinali nditakonza kale. Koma amami anangoika manja pamiyendo n'kupitiriza kuyang'ana sikirini. Ndinachita mantha amene mthiko sunandichititsepo. Ndinayamba kubwebweta kuti buku silinatayike, lili pa madisiketi, tingowasonkhanitsa onse atatu n'kulitsegula.

"Onse atatu," anatero.

Ndinati eya, onse.

Adadi anali pa ulendo wa ntchito, ndiye Loweruka tinanyamuka awiri pa matatu. Ku Pangani mayi Gondwe ankakhala pamwamba penipeni pa fulati, ndipo masitepe ake ankanunkha anyezi wokazinga wa makomo onse amene tinadutsa. Tinafika tili wefuwefu. Disiketi yawo anali ataikulunga m'pepala lapulasitiki la shuga n'kuiika pakati pa Baibulo, pa Masalimo. Atamva nkhani yathu anaisanjika manja, kuipempherera nthawi yaitali, kudzudzula mzimu uliwonse wofufuta, mzimuwo uli chiimire pomwepo utavala siketi. Atatulutsa kabotolo ka mafuta kuti aidzoze, amami anaikwatula n'kuiponya m'chikwama, n'kunena kuti pemphero lakwana.

Rongai wa masiku amenewo anali fumbi ndi miyala. Matatu imene tinakwera inkaliza nyimbo mpaka mano kunjenjemera, ndipo kondakitala anatitsitsa patali akulumbira kuti ndi hapa tu, pompano. Tinayenda theka la ola, nsapato za amami n'kusanduka zofiira. A Kamwendo anatilandira ndi ulemu uja Amalawi timasungira anthu amene tawakwiyira. Anatipatsa mipando yabwino. Anafunsa za adadi, za kumudzi, za mvula, za sukulu yanga, chilichonse mwadongosolo. Akazi awo anabweretsa zakumwa pa thireyi. Amami atatchula disiketi, a Kamwendo anaika tambula pansi pang'onopang'ono.

"Mayi Mbewe, ine ndine munthu wamkulu. Mukanangondiuza kuti Akatolika sitikufunika, ndikanamva."

Amami anawayang'ana osamvetsa. Ndiye a Kamwendo anafotokoza. Atalandira disiketi ija, Lolemba lake anapita nayo ku ofesi kuti akaone ngati nyimbo za Amayi Maria zilimo zonse. Anaiika m'kompyuta, anapezamo kafayilo kamodzi kosatseguka. Anaitana mnzawo wodziwako, nayenso anayesa, n'kuwauza kuti mulibe chanzeru, ndi zinyalala.

"Ndiye ndinati, okey, chabwino. Apresibeteriya atenga nyimbo, a Pentekosite atenga nyimbo, Mkatolika am'patsa chigoba. Pamaso pa komiti yonse, ine n'kumathokoza."

Miyezi isanu ndi itatu, bambo wa ana anayi anakhala ku Rongai atafufuma, kiyi wa tiyi ali m'thumba, osafunsa munthu.

Amami anatembenukira kwa ine. "Afotokozere. M'Chichewa."

Ndinagwada. Ndinati, "Disiketi yanu si empty. Ili ndi kachidutswa. Zonse zitatu zimagwira pamodzi, ikakhala moja haiwezi." Chingerezi ndi Chiswahili zinali zitalowerera zokha, ndipo akazi awo anaphimba pakamwa ndi chitenje. Ndinayambiranso, ndikugwiritsa manja, matambula atatu a pa tebulo, chilichonse chimene chinali pafupi. Ndinaona nkhope ya a Kamwendo ikusintha. Mkwiyo unachoka kaye, kenako kunabwera kumvetsa, ndipo pambuyo pake kunabwera chinthu china chimene ndinachizindikira msanga, chifukwa ndinali nditachivala pankhope panga masiku atatu. Anayang'ana akazi awo. Akazi awo anayang'ana kudenga.

"Ili kuti?" amami anafunsa.

"Ilipo," anatero a Kamwendo, mawu aja ogwedeza denga atachepa. "Kungoti ndinaifomata, ndinafufuta zonse zinali m'menemo. Ndinaona kuti disiketi yabwinobwino isangokhala. Ndinaikamo kalata yofunsira ntchito ku Geneva."

Akazi awo anawonjezera, osafunsidwa, kuti ntchitoyo sanaipeze.

Tinaitengabe. Pobwerera amami anakumbatira chikwama pachifuwa ulendo wonse. Kunyumba ndinaika disiketi yoyamba. Kapulogalamu kaja kanali ndi khalidwe lake: kasanatsegule chilichonse kankayamba kapempha disiketi yomaliza, poti ndi imene inkasunga mndandanda wa zonse. Ndinaika ya a Kamwendo. Kompyuta inakukuta, n'kunena kuti si imeneyo, ikufuna yomaliza. Ndinaitulutsa, kuiuzira ngati adadi, kuipukuta pa siketi, kuibwezeramo. Inanenanso zomwezo. Adadi atabwera anaitanitsa katswiri wa ku ofesi, amene anadya nkhuku yathu, kuvula jekete, kulimbana nazo masana onse, pamapeto n'kunena kuti pole sana, pepani kwambiri. Pamalo pamene fayilo ya amami inali m'kompyuta, magalimoto anga anali atayendapo miyezi isanu ndi itatu. Chimene chinapulumuka chinali zithunzi za akomiti, zimene zinali bwinobwino pa kompyuta ya ku ofesi, onse khumi ndi mmodzi.

Adadi anaitanitsa msonkhano wapadera wa komiti kuti ufufuze chimene chinachitika. Anakhala maola anayi, n'kupeza kuti wolakwa ndi luso lamakono. Palibe amene anakumbukira kuti anavotera zogawana madisiketi, ndipo mayi Gondwe sanatchulenso dzanja la Ambuye.

Amami sanapite ku msonkhanowo. Anafundika kompyuta n'kutenga tsache. Milungu iwiri anasesa. Sanandimenye, sanandikalipire, chakudya ankandipatsa pa nthawi yake, yunifolomu n'kundisitira. Kuimba kwa kukhitchini kunatha. Ndinamva chisoni chimene sindinkadziwa pokachiika, ndipo ndikanakonda mthiko kakhumi. Ndi masiku amenewo pamene ndinazindikira kukula kwa chimene ndinafufuta: inali ntchito yokhayo imene dziko lino linawalola amami kugwira. Gemu ija ndinaichotsa ndekha, koma palibe amene anaona.

Chigamulo chinabwera Lamlungu lina titachoka kutchalitchi. Amami anaimbira foni a Kamwendo, ine ndili pomwepo, ndipo sanafunse za mvula.

"Bambo Kamwendo, olakwa ndinu awiri, inu ndi mwana wangayu. Loweruka lililonse muzibwera kuno teni koloko. Inu muziimba, uyu azilemba. Lamlungu mubwere ndi kiyi wa tiyi."

Ndipo ankabweradi. Bambo wamkulu uja, suti ndi taye, ankakwera matatu kawiri kuchokera ku Rongai, kudzaima pakati pa balaza lathu, kutsinzina, n'kutsegula kukamwa. Magalasi a mawindo ankanjenjemera. Tindege ta pa bwalo lapafupi tikamadutsa iwo sankaima, ankangokweza mawu. Atieno ankasuzumira pa mpanda n'kundifunsa ngati kwathu kwagwa maliro. Ine ndinkakhala pansi ndi kope, ndikulemba ndi dzanja chiyankhulo chimene sindinkachidziwa. Ndinkadula mawu pakati, kulumikiza osalumikizika, kudumpha mizere yathunthu. Amami ankaima kumbuyo kwanga, ndipo khutu langa lamanzere linaphunzira Chichewa lamanja lisanayambe. A Kamwendo nawonso sankapulumuka. Akaiwala mzere n'kufuna kudutsapo ndi mmm-mmm, amami ankangoti, "Yambiraninso," iwo n'kuyambiranso.

Akachoka, ndinkawerenga mokweza zimene ndalemba, amami akutayipa osayang'ana zala. Ndikatchula mawu molakwika kiyibodi inkaima, n'kudikira mpaka nditchule bwino. Ndikafunsa m'Chingerezi tanthauzo la liwu, inkaimabe, mpaka funsolo ndilifunse m'Chichewa. Mapepala sanayatsirenso mbaula. Amami ankawaika m'katoni pamwamba pa wodirobu, kutali ndi madzi, kutali ndi ine.

Nyimbo za a Kamwendo zitatha tinayamba kuyendera ena, ku Pangani, kutauni, kulikonse kumene Mmalawi anabisala. Poyamba ndinkalemba phokoso chabe. Kenako mawu anayamba kutseguka amodziamodzi. Ndikukumbukira tsiku limene mayi wina, nesi, ankatiimbira nyimbo ya pamaliro atakhala pa mpando wa kukhitchini kwake, akadavala yunifolomu. Ndili pakati polemba ndinazindikira kuti ndikumva zimene nyimboyo ikunena, ndipo bolopeni inaima yokha. Tsiku limenelo amami sanandikoke khutu.

Sizinabwerere zonse. Pa miyezi ija komiti ikulimbana ndi mtanda, mayi Chirwa anali atabwerera ku Malawi n'kumwalira. Nyimbo zawo zinali zisanu ndi ziwiri. Amami anafunsa ana awo, anafunsa aliyense wa chigawo chawo, analemba makalata kumudzi, koma palibe ankazidziwa. Amami nawonso anayesa kuzikumbukira, ndipo pa iliyonse anakumbukira mzere woyamba wokha. Buku linatuluka patatha chaka, labuluu, lopanda chithunzi cha wakomiti ngakhale mmodzi. Adadi atafunsa, amami anati malo atha. Tsamba lomaliza lili ndi mizere isanu ndi iwiri, uliwonse pawokha, pansi pake pali poyera. Adadi anati tsambalo likuoneka ngati losamalizidwa. Amami anati n'losamalizidwadi.

Lero ndikadali ku Nairobi, ndipo mwa nthabwala za Mulungu ndimakhala ku Rongai, kumene fumbi lija linasanduka mafulati ndi mzere wa magalimoto osayenda. Buku la amami lili pa foni ya aliyense. Wina akapanda kukhala nalo, mnzake amam'tumizira nyimbo isanafike pa korasi, popanda kuzipa, popanda komiti. Malo satha, ndiye palibe amene amakhala pansi kusankha chofufuta, timangounjika zithunzi za chakudya ndi maulaliki amene sitidzawamvera. A Kamwendo anapuma ntchito n'kubwerera kwawo, ndipo ndimamva kuti nkhaniyi amaikamba ngati iwo ndi amene anapulumutsa buku. Mwana wanga wamkazi ndikamufunsa kanthu m'Chichewa amandiyankha m'Chingerezi. Ndimapukusa mutu, koma kope ndinagula kale.

Amami anabwerera ku Zomba adadi atapuma ntchito. Tsiku lolongedza ndinawapeza atakhala pa sutikesi, akuitsendera kuti itseke. Anandipatsa kaphukusi ka pepala la shuga. M'kati munali madisiketi awiri, 1 ndi 2, m'zilembo zanga za ubwana. Ndinaseka, n'kuwauza kuti masiku ano ngakhale makina olowetsamo zimenezi kulibe, ndingokataya.

"Usataye," anatero osaseka. "Nyimbo za mayi Chirwa zili m'menemo. Zikadzatseguka udzandiuze."

Amami anamwalira zaka zitatu zapitazo. Pa maliro awo tinaimba za m'buku labuluu, ndime zonse, mpaka yachitatu, ndipo ine sindinafune buku. Madisiketi aja ali m'dirowa ya pafupi ndi bedi langa, m'pepala lomwe lija la shuga. Sindinataye.